Mvula ya Che Idrissa

1. Fayilo imodzi yokha

Munira anali mtsikana wa mutu wakuthwa, ndipo vuto lake linali lakuti mwini wakeyo ankadziwa zimenezo. Ali m'chaka chachitatu ku koleji, anamutumiza kukaphunzira ntchito pa kaofesi kena kofufuza za mvula, m'munsi mwa phiri la Zomba. Kaofesiko kanali ka zipinda ziwiri, ka malata adzimbiri. Antchito analipo awiri basi: mayi Magret, omwe anali mkulu wa ofesiyo, ndi iyeyo Munira.

Chuma chonse cha ofesiyo chinali m'kadiski kakuda kokwana m'thumba la malaya. M'kadiskimo munali fayilo ina yaikulu, ndipo m'fayilomo munali mvula ya zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Amene anayeza mvula imeneyi ndi Che Idrissa, mkulu wina wa ku Chikamveka. Kuyambira 1990 mpaka 2020 ankakwera phiri m'mawa uliwonse kukawerenga zoyezera mvula zisanu ndi chimodzi, n'kumalemba m'mabuku. Akatswiri anatenga manambala awo, n'kuligawa phiri lonse m'timabokosi 70,000, kabokosi kalikonse ndi mvula yake ya tsiku lililonse. Manambala anachuluka ngati mchenga, fayilo n'kukula.

Mabuku a Che Idrissa anawola pamene denga la ofesi linadontha nthawi ya namondwe Freddy. Diski ina yomwe ankasungiramo fayilo yomweyo inapsa mu Okutobala, magetsi atabwera mwamphamvu. Inatsala ndi imodzi yokhayi.

Tsono Lachiwiri la sabata yotsatira, komiti yoona za ngozi zadzidzidzi imayenera kukumana. Inkafuna kudziwa kuti ndi mbali ziti za phiri zomwe zimalandira mvula yoopsa, kuti mabanja okhala m'munsi mwake asamutsidwe napolo asanawapeze. Mayankho onse anali m'fayilo ija.

2. Lichero ndi nkhokwe

Lachinayi m'mawa mayi Magret anaika diski ija patebulo la Munira ngati akuika dzira. Kunja kunali kutatentha kale, nyenje zikulira m'mitengo.

"Khala pansi, mwana wanga, undimvetsetse," anatero mayi Magret. "Che Idrissa ankayeza ndi magalasi akale a mainchesi. A komiti akufuna mamilimita, ndipo sakufuna za tsiku lililonse ayi. Akufuna kudziwa, pa kabokosi kalikonse, mvula yaikulu koposa imene inagwa chaka chilichonse. Ntchito yako ndi imeneyo."

"Ndamva, madamu. N'zosavuta zimenezo."

"Ukati n'zosavuta ndiye kuti sunamve. Diski iyi ndi nkhokwe. Memori ya laputopu yakoyo ndi lichero. Fayilo iyi ndi magigabaiti asanu ndi limodzi, memori yako ndi asanu ndi atatu. Uona ngati ikwana. Koma munthu wopeta sadzaza lichero mpaka pakamwa, chifukwa mphale imafuna malo odumphira. Kompyuta nayo ikamachulukitsa manambala imafuna malo ena oikapo mayankho. Tsono iwe uzitapa chaka chimodzi chokha. Uwerengere, ulembe mayankho m'kafayilo katsopano, ukhuthule za m'lichero, kenako utape chaka china. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Munira anagwedeza mutu, koma maso ali pa foni.

"Tandiyang'ana kuno. Chachiwiri ichi ndiye chachikulu. Fayilo iyi uziitsegula mowerenga basi. Usayerekeze kuitsegula molemba. Pulogalamu yathuyi ukaiuza kuti ilembe pa dzina lomwe lilipo kale, imayamba yasesa zonse zili m'katimo isanalembe ngakhale nambala imodzi. Sifunsa kuti kodi mwatsimikiza. Imangosesa."

"Nanga tikanakopera kaye pa fulashi, madamu?"

"Fulashi yake iti? Yako ija umailowetsa m'makompyuta osindikizira mapepala kumsika? Mavairasi ake sindikuwafuna muno. Laputopu yako yadzaza, diski iyinso yadzaza ndi zithunzi za phiri. Yatsopano ibwera Lachitatu kuchokera ku Blantyre. Mpaka tsiku limenelo, fayilo iyi ndi mwana mmodzi wa mayi wokalamba."

Chaka chimodzi chinkatenga theka la ola. Munira anawerengera mofulumira, n'kupeza kuti inali ntchito ya masiku awiri athunthu. Nkhope yake inagwa. Mkulu wake Safina amakwatiwa Loweruka ku Malosa, ndipo iye anali atauza kale a kwawo kuti afika Lachinayi masana.

"Upita mawa madzulo," anatero mayi Magret atamva dandaulo lake. "Malosa sathawa. Ine ndikupita kumsonkhano m'tauni. Pobwera ndidzera ku Chikamveka kukatenga Che Idrissa. Maso awo achita ng'ala, ndipo ndinawalonjeza kuti adzaona mvula yawo pa sikirini maso asanawathere."

3. Mizere inayi ya Tony

Munira anayamba bwino ndithu, tisamunamizire. Anatapa 1990, n'kuwerengera, n'kulemba m'kafayilo katsopano. Anatapa 1991, kenako 1992. Pofika teni koloko anali atamaliza zaka zitatu, kutatsala makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Foni nayo sinagone. Ku Malosa ankatumiza zithunzi: atsikana atakhala pamkeka akupakana hina, amayi akusankha mpunga, Safina akuseka atadziphimba kumaso. Kenaka unabwera uthenga wa mawu wa azakhali ake.

"Iwe Munira, mkulu wako akukwatiwa kamodzi kokha. Ana a eni afika kale, ena kuchokera ku Mangochi. Iwe wa pa Zomba pompa ukuti mawa? Kapena sukuluyo yakuiwalitsa kwanu?"

Mawuwo anamulasa mtima. Anajambula sikirini n'kutumiza kwa Tony, mnzake wa m'kalasi yemwe ankadzitcha dokotala wa makompyuta. Tony sanachedwe kuimba.

"Aise, chaka chimodzichimodzi? Ukadali m'nthawi ya makedzana eti? Sikisi mu eyiti imalowa bwinobwino. Ndikutumizira mizere inayi. Woyamba uwerenga fayilo yonse kamodzi. Wachiwiri utsegula fayilo yolembamo. Wachitatu uchulukitsa zonse zikhale mamilimita. Wachinayi ulemba. Maminitsi teni, watha, wakwera minibasi."

"Koma malo olembera fayilo yaikulu ina palibe. Konse n'kodzaza."

"Ingolemba pa dzina lomwelo. Madamu akowo akuyamikanso kuti wawakonzera fayilo yonse."

"Madamu anakaniza zimenezo, Tony."

"Madamu akowo anaphunzira kompyuta ikadali ndi mimba kumbuyo. Ine ndachitapo zimenezi kambirimbiri. Ukakadya mpunga wa ukwati usandiiwale."

Tony sananame kuti anachitapo. Chimene sananene n'chakuti mafayilo ake onse anali timafayilo ta m'kalasi, toti ngakhale foni ingatinyamule. Paja akulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

4. Yalowa

Munira anati angoyesa mzere woyamba wokha, poti kuwerenga sikuononga kanthu. Laputopu inayamba kupuma mofuula. Kanambala kosonyeza memori kanakwera: atatu, asanu, asanu ndi limodzi, asanu ndi awiri. Pamenepo kanaima.

"Yalowa!" anakuwa yekha m'chipindamo, akuomba m'manja.

Fayilo yonse inalowadi m'memori. Ikanakana pomwepo, Munira akanabwerera ku njira ya mayi Magret, ndipo palibe chikanaonongeka. Tsoka lake linali lakuti inalola. Anadziona ngati katswiri, ndipo mosaganiza kawiri anayendetsa mizere itatu yotsala ija pamodzi.

Mzere wachiwiri unadutsa ngati kuphethira kwa diso. Pa nthawi imeneyo fayilo ya pa diski inasesedwa, ndipo mvula yonse ya Che Idrissa inatsala m'memori mokha.

Mzere wachitatu unayamba kuchulukitsa. Kompyuta inafuna malo ena a magigabaiti asanu ndi limodzi oikapo mayankho, koma lichero linali litadzaza kale. Kamuvi ka pa sikirini kanauma. Munira anagwedeza mausi, anadina apa ndi apo, osatheka. Laputopu inatentha ngati simbi. Patapita mphindi zingapo, pa sikirini panatuluka liwu limodzi la Chingerezi lonena kuti pulogalamu yaphedwa.

Pulogalamu ikafa, zonse zimene inanyamula m'memori zimafera limodzi.

Munira anatsegula diski. Dzina la fayilo linalipo, lomwe lija, pamalo pomwe paja. Koma kukula kwake sikunafike ngakhale kilobaiti imodzi.

Anaimbira Tony akulira. Ulendo uno mawu a Tony anachepa.

"Usadandaule, pali pulogalamu yobwezeretsa zofufutika. Itsitse pa intaneti, uiyendetse."

"Ndiika pati? Laputopu n'njodzaza."

"Paliponse pomwe pali malo."

Malo analipodi tsopano, ambiri, pa diski yomwe ija. Munira anaika pulogalamuyo pomwepo n'kuiyendetsa. Inafufuza kwa ola lathunthu, n'kutola zithunzi zakale zothyokathyoka mazanamazana, zonse n'kuzilemba pa diski yomweyo. Fayilo ya mvula sinabwere. Ataimbiranso Tony, foni yake inali yozima.

5. Malo amodzi

Kumzikiti anaitana swala ya masana, koma Munira sanadzuke. Itakwana thu koloko anatseka laputopu, ananyamula chikwama chake, anakhoma chitseko, n'kutsetsereka kupita kumsewu waukulu.

"Malosa, Liwonde! Malo amodzi, sisi, tiyeni!" Kondakitala anali atagwira kale lamba wa chikwama chake.

Munira anaponda pakhomo la minibasi, n'kucheuka. Pamwamba pa phiri panali pataunjikana mitambo yakuda. M'munsi mwake, m'mbali mwa timitsinje touma, munali nyumba zothithikana, malata akunyezimira, zovala za ana zili pazingwe.

"Ndisiyeni, sindikwera," anatero akukoka chikwama.

"Ndiye mumaponderanji, sisi?"

Munira anatembenuka. Anakwezekanso chitunda, anatsegula ofesi, n'kukhala pampando kudikira. Anali ndi mantha oti sanakhalepo nawo chibadwire.

6. Usataye madzi usanalembe

Galimoto ya mayi Magret inafika cha m'ma folo koloko. Che Idrissa anatsika pang'onopang'ono, atavala mkanjo woyera wosita bwino ndi kofia, ndodo ili m'manja. Anali atavala ngati tsiku la Idi.

"Asalamu alaikum, mwanangu. Ndiwe amene ukusunga mvula yanga?"

"Wa alaikum salamu, agogo," anayankha Munira atagwada.

Mayi Magret anawakokera mpando pafupi ndi laputopu. Mkuluyo anakhala, n'kuika ndodo pakati pa miyendo.

"Mayi awa andifotokozera m'galimoto kuti ukutapa chaka chimodzichimodzi. Ndaseka, chifukwa ntchito yanga inalinso yomweyo. Mvula ikagwa yambiri, madzi a m'choyezera sakwana m'galasi loyezera. Umathira pang'ono, uwerenge, ulembe, utaye, uthirenso. Mzungu amene anandiphunzitsa sanandiuze zambiri. Zambiri anandiuza ndi malemu amalume anga, omwe anagwira ntchitoyi ine ndisanayambe. Anati, Idrissa, usataye madzi usanalembe. Kaya kukuzizira, kaya mvula ikukumenya, kaya kunyumba kuli maliro, lemba kaye. Madzi akatayika saoleka, ndipo mvula ya dzulo sigwanso kuti uiyeze kachiwiri."

Munira anaweramitsa mutu. Mkuluyo anapitiriza.

"Tsono pali tsiku limodzi lomwe ndikufuna ulitsegule. Febuluwale wa 1997, pa 11. Mvula inagwa masiku atatu osakata. M'mawa mwake ndinamva kuti madzi otsika m'phiri akokolola nyumba ya mlongo wanga Asiyatu, iye ndi ana ake awiri ali momwemo. Anthu anali akukumba matope. Ine ndinakumba nawo mpaka dzuwa litakwera, kenako ndinasamba m'manja n'kukwera phiri. Abale anandinena kuti ndilibe mtima. Koma ndinati, ndikapanda kulemba lero, ndani adzadziwe kuti ndi mvula yochuluka bwanji imene imapha anthu pamalo paja? Ndinathira galasi kasanu ndi kawiri tsiku limenelo. Pamalo pomwe paja anthu amanganso nyumba, ndamva. Tanditsegulira, ndione ngati makina anuwa akulidziwa tsikulo."

Anasendeza nkhope yawo pafupi ndi sikirini, maso otuwa aja atatong'oka ngati a mwana woyembekezera mphatso.

Munira anatsika pampando n'kugwada pasimenti.

"Agogo, palibe. Madamu, fayilo ndaipha. Ndinaitsegula yonse kamodzi, n'kulemba pa dzina lomwelo. Munandiletsa, koma ndimafuna ndipite kwathu lero. Zatsala ndi zaka zitatu zokha zomwe ndinachita m'mawa."

Mayi Magret sanakuwe. Anakoka laputopu, anayang'ana kukula kwa fayilo, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo.

"Chichitikireni zimenezi, walembamo china chilichonse mu diski iyi?"

Munira anafotokoza za pulogalamu yobwezeretsa ija. Mayi Magret anatseka maso.

"Ukanangoizula n'kundiimbira, mwina akatswiri akanatolako kena. Manambala aja anali akadali pansi, cholozera chokha cha malo awo ndi chomwe chinasesedwa. Iwe wathira zinyalala pamwamba pake. Kulakwa koyamba kunali kwa kusamva, mwana wanga. Kwachiwiri kunali kofuna kubisa, ndipo n'kumene kwatimaliza. Lachiwiri ndikaima pamaso pa komiti ndilibe choti ndiwauze. Mabanja aja akhala pomwe alipo, ndipo mvula ndi iyo ikubwerayo."

Anazula diski n'kuiika m'chikwama chawo. Munira analira mosadziletsa, koma panalibe womutonthoza.

7. Bokosi la malata

Che Idrissa ankangoyang'anabe sikirini. Kenaka anavula kofia n'kuiika pabondo. Pamenepo anaoneka okalamba kwambiri kuposa momwe analowera.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi," anatero motsitsa. "Ndi Asiyatu yemwe."

Kuphiri kunagunda bingu. Mkuluyo anafufuza ndodo yawo, n'kudzuka.

"Mayi Magret, mabuku aakulu aja anawola, ndikudziwa. Koma ine kuphiri sindinkanyamula mabuku aakulu. Ndinkalemba ndi pensulo m'timabuku ta m'thumba, n'kudzakopera kuno. Tambiri tinatayika, tina ana anayatsira moto. Totsalato ndinatiika m'bokosi la malata, m'kanyumba ka pa choyezera chachisanu, kuseri kwa nkhalango ya paini. Chisiyireni ntchito sindinapiteko. Sindikudziwa ngati denga likadalipo, kapena ngati chiswe chinasiyako kanthu. Sindikudziwanso kuti ndi zaka ziti."

"Galimoto sifika kumeneko, Che Idrissa," anatero mayi Magret, "ndipo inu ndi maso amenewa simungayende."

"Njira ili m'mutu mwanga. Maso ali ndi uyu."

Analoza Munira ndi ndodo, mosamuyang'ana.

"Iwe, uli ndi nsapato zokwerera phiri? Tinyamuka mawa tikangoswali m'mawa. Tikapeza kanthu, ukhala pansi Loweruka, Lamulungu ndi Lolemba, ulembe nambala imodziimodzi ndi manja ako."

"Loweruka ndi ukwati wa mkulu wanga, agogo," anatero Munira.

"Inenso tsiku lija kunali maliro a mlongo wanga."

Foni ya Munira inayamba kulira patebulo, dzina la Safina likuwala. Palibe anaigwira. Pa malata panagwa madontho oyamba, akuluakulu, amodziamodzi.

Munira anapukuta misozi. "Ndibwera, agogo. Zikomo pondikhululukira."

Che Idrissa anavala kofia yawo n'kuima pakhomo, akumvetsera mvula.

"Sindinakukhululukire," anatero. "Zimenezo tikakambirana tikatsegula bokosi."